Kalata yotseguka kwa atsogoleri a Sinodi ya Nkhoma: atsikana a sekondale zoyendera akugona kuti?

Kwa Abusa Mlembi Wamkulu wa Sinodi ya Nkhoma, a komiti ya maphunziro, abusa ndi akulu a mpingo a m'mapresbiterio a ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndi amayi otsogolera Chigwirizano,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Ndine mayi wa Chigwirizano, mphunzitsi wopuma pantchito, wokhala kuno kumapiri a m'malire a Dedza ndi Ntcheu. Kalatayi ndailemba poyera chifukwa nkhani yake ikufunanso makutu a makolo, mafumu ndi aphunzitsi. Pempho langa ndi limodzi: mpingo ubwerere ku ntchito yosunga atsikana a sukulu powapatsa pogona pabwino, makamaka amene asankhidwira ku sekondale zoyendera zotalikirana ndi kwawo.

Ndikuti ubwerere chifukwa ntchitoyi tinaiyamba kale, Sinodi isanabadwe n'komwe. A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, a mpingo wa Dutch Reformed, atafika pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, mu 1889, amishoni sanachedwe kuona kuti mnyamata ukamutsegulira sukulu amabwera, koma mtsikana sakhalitsa. Lero wabwera, mawa akusinja, mkuja akulera mwana wa mkulu wake, chaka chisanathe amufunsira mbeta. M'zaka za m'ma 1890 Martha Murray anayamba kusonkhanitsa atsikana m'nyumba yawoyawo pa Mvera pomwepo, kuti azigona, kudya ndi kuphunzira pamalo amodzi. Mishoni itafalikira ku Kongwe mu 1894, ku Nkhoma mu 1896, ku Livulezi kumene anayamba a ku Livingstonia n'kusiyira a Dutch, kenako kuno ku Mlanda mu 1902 ndi ku Mphunzi mu 1903, nyumba za atsikana zoterezi zinakhala mbali ya moyo wa pamishoni.

Mbiriyi sindikufuna kuikometsa mopitirira. Zimene ankaphunzitsa m'nyumbazo zinali zochepa: kuwerenga Mawu a Mulungu, kusoka, kuphika, kuchapa ndi kusita, kusamala ana. Cholinga chachikulu chinali kukonza akazi oti adzakwatiwe ndi aphunzitsi ndi alaliki a mishoni, ndipo panalibe ankalota kuti mtsikana wa ku Mphunzi angadzakhale dokotala kapena woweruza milandu. Pamenepo anaperewera. Koma chinthu chimodzi anachiona bwino, chimene ife a masiku ano, ndi madigiri athu onse, timachilambalala: mtsikana amalimbikira sukulu akadziwa pamene agone usiku ndi amene akumuyang'anira pogonapo.

Sekondale ya atsikana ya Mlanda, apa pafupi ndi Lizulu, yaima pa nzeru yomweyo, kungoti tsopano m'kalasi muli masamu, sayansi ndi Chingerezi cha mayeso a MSCE. Pamodzi ndi Robert Blake ku Kongwe ndi William Murray ku Nkhoma, ndi sukulu imene Sinodi ikaitchula sichita manyazi. Dzina la mwana likatuluka kuti wasankhidwira kumeneko, pamudzi pamamveka nthungululu, atsibweni ake n'kuyamba kuyang'ana m'khola kuti agulitsa mbuzi iti. Anthu amati ana a sukulu zogonera komweko amakhoza bwino chifukwa anali anzeru kale posankhidwa. Zoona ndithu, koma amene anagwirapo choko amadziwa zinanso. Mwana wogonera pasukulu amadzutsidwa ndi belu, amapeza phala, akaweruka nsima ikumudikira, madzulo amakhala pa pulepu getsi likuyaka, akadwala matroni amadziwa tsiku lomwelo, ndipo pakati pa iye ndi msewu pali geti. Maola amene mnzake woyendera amathera panjira, pamjigo ndi pamoto, iye amathera m'buku.

Ndilibe dandaulo ndi Mlanda. Vuto ndi loti sukulu imodzi singanyamule ana onse amene tili nawo. Boma la Dr Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana olembetsa anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Anawo anayenera kupita kwinakwake akamaliza Sitandade 8, ndiye chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo aja a maphunziro a m'makalata amene tinkawatcha ma MCDE anasandutsidwa ma CDSS, sekondale zoyendera za m'madera. Lero mtsikana wa ku Dedza kapena ku Ntcheu akakhoza mayeso a PSLCE n'kupeza malo ku sekondale, nthawi zambiri malowo amakhala ku CDSS. Papepala zimaoneka bwino: sukulu ili m'dera lake, aziyendera. Koma papepalapo sipaoneka zitunda zathuzi m'mamawa wa mu Juni chisanu chikuluma, kapena mtsinje wodzaza mu Januwale woti uwoloke yunifolomu ili m'jumbo pamutu. Mwana woyenda maola awiri popita, awirinso pobwera, n'kovuta kuti apirire zaka 4. Makolo omufunira zabwino amachita chimene angathe: amamupezera kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu, n'kumusiya pa self-boarding.

Abusa, tsiku lina mukamachokera ku maliro kapena ku msonkhano, mudzaimitse galimoto pamsika uliwonse umene uli ndi CDSS pafupi, mudzalowe kuseri kwa magolosale. Ine ndikufotokozereni kachipinda kamodzi kamene ndinalowamo, pamsika wina umene sindiutchula. Mphasa ziwiri zikayalidwa malo atha, koma mumagona atsikana atatu, wamkulu wa Fomu 3, awiriwo a Fomu 1. Pakona pali thumba la ufa lomanga kukamwa ndi luzi, mbaula, poto mmodzi wakuda bii, ndi kabotolo ka mafuta oyeza. Mayunifolomu ali pa chingwe chodutsa pakati pa chipinda, makope ali m'jumbo kuopa denga lodontha. Chitseko chilibe loko wa m'kati. Amatseka pokhotetsa msomali, n'kutsamiritsa ndowa ya madzi kuti wina akakankha usiku amve. Kuseri kwa khoma lomwelo amagulitsako mowa, ndipo nyimbo zimalira mpaka pakati pa usiku. Bafa ndi la udzu, la onse a pa lendipo, amuna omwe. Powerenga amayatsa kandulo, ikatha basi amagona. Nditafunsa kuti amawayang'anira ndani, wa Fomu 3 uja anayankha kuti, "Ndine ndemwe, amayi." Iyenso mwana, woti kwawo akanakhala akutumidwabe kuchigayo.

Ufa ukatha Lachitatu, kwawo n'kutali ndipo Lachisanu silinafike. Apa ndi pamene amalowera wa kabaza wonena kuti kwera udzalipira, wopikula mbatata wochokera m'tauni amene ali ndi ndalama m'thumba tsiku la msika, ngakhalenso mwini nyumba wonena kuti za lendi tikambirana madzulo. Tisafulumire kunena kuti ana a masiku ano alibe mwambo. Ambiri mwa atsikanawa ndi a kwaya, olowa kalasi, oti Katekisima amayankha osayang'ana m'buku. Zimene zimawagonjetsa ndi njala ndi mantha. Mimba ikaoneka, ife a mpingo timafika msanga: timamuitanitsa pamaso pa akulu n'kumuika pa chilango. Nthawi imene ankatsamiritsa ndowa kuchitseko ija sitinafikeko.

Malamulo alipo ndipo ndi abwino. Kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana wobereka kubwerera ku sukulu. Lamulo la maukwati la mu 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti zigwirizane. Ku Dedza Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubweza anawo ku sukulu, mpaka dzina lake linamveka kunja kwa dziko. Komabe sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, m'miyezi yochepa chabe malipoti a boma anatchula mimba za atsikana pafupifupi 13,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 40,000, malamulo onsewo ali pomwepo. Mfumu ikhoza kuthetsa ukwati m'mawa umodzi. Koma mwanayo akabwerera ku sukulu yakutali yomwe ija, n'kukagonanso m'kachipinda komwe kaja, tangomubweza pamalo pamene anagwera.

Amayi anzanga a Chigwirizano, apa ndilankhule ndi inu. Gulu lathu lakhalapo kuyambira mu 1940, ndipo palibe maliro, ukwati kapena matenda m'mudzi amene amadutsa ife osaonekerapo. Tili ndi alangizi amene amakhala pansi ndi atsikana akatha msinkhu, kuwauza kuti adzisunge, adzilemekeze, amalize sukulu. Ndi mawu oona. Koma chilangizo chimatenga tsiku limodzi kapena awiri, pamene teremu ndi miyezi itatu, ndipo miyezi yonseyo mwanayo amakhala yekha ndi mawu athuwo kuseri kwa bala.

Sindikupempha Mlanda wachiwiri. Sekondale yathunthu imafuna malabu, aphunzitsi, nyumba zawo, ndalama zimene tilibe. Makalasi ndi aphunzitsi boma linaika kale m'ma CDSS, ndipo ena mwa ma CDSS amenewa ali pamalo a mpingo kapena moyandikana ndi tchalitchi. Chosowa ndi denga losadontha, chitseko chokhala ndi mpiringidzo, chimbudzi ndi bafa zawozawo, khitchini, getsi la sola loti aziwerengera, ndi mayi wamkulu wogona pomwepo. Zambiri mwa izi tili nazo theka kale. M'zaka zapitazi mipingo yochuluka yamanga matchalitchi atsopano akuluakulu, enafe tinasenza nawo mchenga ndipo sitidandaula. Koma tchalitchi chakale chija chimangokhala, muli mabenchi othyoka ndi mileme, mwina kwaya imaphunziriramo kamodzi pa sabata. Nyumba yakale ya abusa nayonso chimodzimodzi. Nyumba zoterezi zitafoleredwanso, kuikidwa mazenera abwino ndi kugawidwa zipinda, zikhoza kusunga atsikana 20 kapena 30 pamalo amodzi. Presbiterio iliyonse itayamba ndi malo amodzi kapena awiri, pamene pali CDSS yokhala ndi ana ambiri a lendi, tingaphunzirepo zolakwika tisanafalitse.

Mundifunsa za ndalama, ndipo mukhala mukukhoza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, malata, sopo ndi mafuta zonse zinathawa, ndipo fizi ya sukulu yogonera yolipira ndalama m'manja yakhala yosafikirika kwa mlimi wamba. Koma kuno si dera losowa zakumunda. Aliyense wodutsa pa msewu wa M1 amaona milu ya kachewere, kabichi, tomato ndi nyemba pa Lizulu, pa mphambano ya ku Tsangano ndi pa Bembeke. Kholo limene silingapeze ndalama yambiri nthawi imodzi likhoza kupereka chimanga ndi nyemba pa teremu. Ndipotu likupereka kale, pakuti mwana wa pa self-boarding amanyamula ufa ndi ndiwo kuchokera kwawo, kuwonjezera apo lendi ndi makala. Zimenezi zikasonkhanitsidwa m'nkhokwe imodzi, n'kuphikidwa pa moto umodzi m'malo mwa mbaula 10, mtengo kwa kholo sukwera. Zotsalazo, monga malipiro a matroni ndi kukonza nyumba, zingachokere ku gawo la zopereka za masika ndi Paper Sunday imodzi pa chaka. Malata tikhoza kupempha kudzera m'thumba la chitukuko cha m'madera la CDF. Palinso amayi amene anaphunzira pa Mlanda ndi m'sukulu zina za mpingo, lero ndi anamwino, aphunzitsi, ogwira ntchito m'mabanki ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Amenewa sauma manja akadziwa kumene ndalama yawo ikupita. Choncho ndalama za nyumbayo zikhale ndi buku lakelake, losiyana ndi la chitukuko cha mpingo, ndipo liziwerengedwa pamaso pa akhristu teremu iliyonse.

Nyumba yosungiramo atsikana ikayendetsedwa mwachisawawa ikhoza kuipa kuposa lendi imene tikuithawayo, ndiye pali zina zoti Sinodi izilembe momveka tisanayale mphasa ngakhale imodzi. Matroni akhale wolipidwa mwezi ndi mwezi ndi wophunzitsidwa ntchitoyo. Tisatenge mayi wamasiye n'kumuuza kuti atumikire Ambuye mwaulere, chifukwa nayenso amadya, ndipo wanjala sasunga nkhokwe. Dzuwa likalowa, mwamuna asalowe kumpandako, kaya ndi mphunzitsi, kaya mkulu wa mpingo, kaya abusa amene. Ndikunena izi ndi ulemu wonse, podziwa kuti lamulo lotere limatetezanso dzina la amuna olungama. Atsikana akhale ndi kwina kokadandaula kupatula kwa matroni, ndipo nkhani ya nkhanza ikapezeka izipita ku polisi ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, osati kuthera m'chipinda cha akulu pofuna kuteteza mbiri ya mpingo. Makandulo asaloledwe, zitseko zizitsegukira kunja, ndipo zitsulo za m'mazenera zisasandutse nyumbayo msampha moto utabuka.

Chinanso, anawa asakhale antchito a pamishoni. Ndikudziwa m'mene zimayambira: lero alendo a presbiterio abwera, atsikana athandize kuphika, mawa munda wa mpingo wamera udzu, mkuja kunyumba ya abusa kulibe madzi. Kusesa pogona pawo ndi kutsuka mbale zawo n'koyenera, mwana aliyense amatero. Zoposa apo n'kubwerera ku zija za kusoka ndi kusita, pamene makolo anatipatsa anawo kuti akhoze MSCE.

Pa mfundo yotsatirayi ndikudziwa kuti ena mupukusa mitu. Khomo likhale lotsegukira mtsikana aliyense wa pa CDSS imeneyo. Kuno tili ndi Akatolika ambiri, tili ndi Asilamu, tili ndi mabanja a gule wamkulu, ndipo ana awo akugona m'tizipinda tomwe tija. Mapemphero a m'mawa ndi madzulo azikhalapo, nyumbayo ndi ya mpingo, koma kalata ya ubatizo isakhale chiphaso cholowera. Chipatala cha Nkhoma sichifunsa wodwala kuti amapemphera kuti chisanamupatse bedi. Ndipo amene anabereka n'kubwerera ku sukulu asakanizidwe malo. Ena amaopa kuti awononga anzake. M'zaka zimene ndinaphunzitsa, ndinaona zosiyana: mtsikana wosiya mwana kwa agogo ake n'kuvalanso yunifolomu amakhala patsogolo m'kalasi, samasewera ndi nthawi, ndipo akachenjeza anzake amamumvera kuposa m'mene amatimvera ife a imvi. Iyeyu ndi amene akufunika pogona potetezeka koposa onse, chifukwa bambo wa mwanayo nthawi zambiri amakhala akadali pamsika pomwepo.

Mwina wina anena kuti zonsezi ndi udindo wa boma. N'zoona kuti boma ndi mabungwe amanga mahositelo a atsikana m'ma CDSS ena, ndipo tipitirize kuwakumbutsa kuti awonjezere. Koma amene amangidwa ndi ochepa poyerekeza ndi sukulu zimene zilipo, ndipo mwana amene ali Fomu 1 chaka chino sangadikire pulani ya zaka 10. A Dutch atapereka ntchito yonse m'manja mwa Sinodi mu 1962, tinalandira malo, sukulu, chipatala ndi nyumba, ndipo sitinanene kuti odwala ndi a boma kapena kuti ana a sukulu ndi a boma. Chofunika n'kugwirizana bwino ndi a unduna wa maphunziro, ahedi a sukuluzo, makomiti a makolo ndi mafumu, kuti zidziwike kuti udindo wa sukulu ukuthera pati ndipo wa mpingo ukuyambira pati. Zimenezi ofesi yanu ya maphunziro ikuzidziwa kuposa ine, pakuti yakhala ikuyendetsa sukulu mogwirizana ndi boma kwa zaka zambiri.

Poyambira pake sipafuna ndalama. Chaka cha sukulu chisanayambe mu Seputembala, lemberani mipingo yonse ya ku Dedza ndi ku Ntcheu kuti msonkhano wa akulu utume amayi a Chigwirizano kukawerenga atsikana a sekondale amene akuchita lendi m'dera lawo: ndi angati, ali fomu yanji, kwawo n'kuti, akugona m'nyumba ya yani. Kachipinda kalikonse kapatsidwe amayi awiri oti azikayendera sabata ndi sabata, kuona ngati muli ufa, ngati wina akudwala, ngati wina wayamba kujomba. Eni nyumba ambiri ndi akhristu athu omwe, okhala nawo pa mgonero. Abusa awo akhale nawo pansi, awapemphe kuika loko wa m'kati ndi kumanga bafa lapadera la anawo. Mawerengerowo apite ku presbiterio, kenako nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wa Sinodi ukubwerawu, kuti chimene mugwirizane chilembedwe m'Zolamulira, buku la malamulo a Sinodi, ndipo chisadalire mtima wa m'busa mmodzi amene mawa akhoza kusamutsidwa.

Ife amayi a kuno tikhoza kuyamba kalemberayo sabata yomwe kalata yanu ingawerengedwe m'tchalitchi. Tikudikira yankho kudzera mwa abusa athu.

Ine wanu mwa Ambuye,
Mayi wa Chigwirizano, mphunzitsi wopuma pantchito,
Ntcheu